Mabwana ozemba kulipira sitima ku Britain: mafunso ndi mayankho

M'mawa uliwonse wa tsiku lantchito, sitima zapamtunda zochokera m'zigawo za Kent, Sussex, Surrey ndi Buckinghamshire zimatuta anthu miyandamiyanda kukawatula mumzinda wa London, ndipo ambiri mwa iwo ndi maloya, akuluakulu a mabanki ndi akatswiri owerengera chuma amene anasankha kukhala kumidzi yabata n'kumagwira ntchito m'tauni. Mafunso ali m'munsiwa akukhudza kagulu kochepa ka anthu amenewa, omwe ndalama ali nazo koma amakwera sitima mobera.

Kodi n'zoona kuti anthu opeza bwino amazemba kulipira sitima, kapena ndi nkhambakamwa chabe?

N'zoona, ndipo nkhani imene inatsegula anthu m'maso ndi ya Jonathan Burrows, yemwe anali mmodzi wa akuluakulu a kampani ya BlackRock, imene imayendetsa chuma cha anthu ndi mabungwe padziko lonse. Mu April 2014 nyuzipepala za ku Britain zinalemba kuti bwana wina wogwira ntchito m'dera la mabanki la London walipira kampani ya sitima ya Southeastern mapaundi 43,000 pofuna kuthetsa nkhani yozemba matikiti kwa zaka pafupifupi zisanu. Dzina lake silinatchulidwe nthawi imeneyo, ndipo panapita miyezi ingapo atolankhani asanalitulukire. Nyuzipepala zomwezo zinkanena kuti malipiro ake ankafika pa mapaundi 1 miliyoni pachaka, pamene tikiti yoyendera chaka chonse paulendo wakewo inali pa mapaundi pafupifupi 4,500.

Zinatheka bwanji kuti munthu ayende zaka zonsezo osagwidwa?

Yankho lagona pa kusiyana kwa masiteshoni awiri. Burrows ankakwerera pa Stonegate, kasiteshoni kakang'ono ka m'chigawo cha East Sussex, pa njanji yochokera ku Hastings, pakati pa Etchingham ndi Wadhurst. Pamalopo palibe zipata zotsekera anthu: munthu amaimika galimoto, n'kuyenda mapazi owerengeka, n'kufika pokwerera sitima popanda womufunsa kanthu. Ku Cannon Street, siteshoni ya mu London kumene ankatsikira, zinthu n'zosiyana, chifukwa kuli mzere wa zipata zamagetsi zimene sizitseguka mpaka munthu alowetse tikiti kapena agunditse khadi pa kambale kachikasu kamene kali pamwamba pa chipatacho.

Khadi limeneli, lotchedwa Oyster, linayamba kugwira ntchito mu 2003 ndipo linapangidwira maulendo a mumzinda wa London ndi madera oyandikana nawo, kotero Stonegate ili kutali kunja kwa malire ake. Lamulo lake ndi lakuti munthu agunditse khadi polowa ndi potuluka, kuti makina awerengere mtunda umene wayenda. Munthu akagunditsa potuluka pokha, makina sadziwa kumene wachokera, choncho amangomudula mtengo wapamwamba kwambiri umene anauika, womwe pa nthawiyo unali mapaundi 7.20. Mtengo umenewu unaikidwa ngati chilango kwa oiwala, koma kwa munthu wochokera ku Stonegate, kumene tikiti ya ulendo umodzi inali mapaundi 21.50, chilangocho chinasanduka phindu, popeza paulendo uliwonse ankatsala ndi mapaundi 14.30 m'thumba.

Tangoganizani mmene zinkaonekera pachipatapo nthawi ya m'mawa. Anthu akukankhana kuthamangira kuntchito, bambo wa suti yosita bwino watulutsa khadi m'chikwama, makina alira kamodzi, chipata chatseguka, iye wadutsa. Wantchito woima pambali sakuona cholakwika chilichonse, chifukwa maso ake akusaka wodumpha chipata kapena wodziphatika kumbuyo kwa mnzake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nanga anagwidwa bwanji, ndipo mapaundi 43,000 anawerengedwa motani?

Tsiku la fote linakwana mu November 2013, pamene wantchito woona za matikiti pa Cannon Street anaona kuti khadi lake ladulidwa mapaundi 7.20 n'kumufunsa kumene wachokera. Kampani itafufuza m'mabuku ake inapeza kuti tikiti yomaliza ya nthawi yaitali imene anagula kuchokera ku Stonegate inali ya mu 2008, ndipo inaonanso kuti patangopita masiku ochepa atafunsidwa anagula tikiti yatsopano. Southeastern inawerengera ngongoleyo potengera mtengo wa matikiti a ulendo umodziumodzi pa zaka zonsezo, n'kupeza mapaundi 42,550, ndipo inawonjezerapo mapaundi 450 a ntchito ya maloya. Ndalamazo zinalipidwa m'masiku atatu okha.

Chilungamo chimafuna kuti tinenenso mbali yake. Burrows anavomera kuti analakwa ndipo anapepesa, koma ananena kuti ndalama zimene anazembadi zinali zochepa kwambiri kuyerekeza ndi zimene analipira, ndipo kuti anthu anapatsidwa chithunzi cholakwika cha kukula kwa mlandu wake. Popeza nkhaniyo sinalowe m'khoti, umboni wa mbali zonse ziwiri sunayesedwe poyera. Chokhacho chimene aliyense angawerengere yekha n'chakuti akanagula tikiti ya pachaka kwa zaka zisanu akanawononga pafupifupi theka la ndalama zimene anadzalipira.

N'chifukwa chiyani sanatengeredwe kukhoti?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene anthu ambiri anakwiyira. Ku England makampani a sitima ali ndi mphamvu yozenga okha milandu ya matikiti popanda kudzera kwa apolisi kapena kwa oimira boma pa milandu, ndipo mphamvu yomweyo imawalola kusankha kuti asazenge ngati wolakwayo wavomera kulipira ndalama zonse ndi zowonongedwa pofufuza. Southeastern inadziteteza ponena kuti mwayi wokambirana kunja kwa khoti ndi wotsegukira aliyense, komanso kuti njirayi inaipatsa mwayi wabwino wopeza ndalama zake. Kunena zoona, kampani imene cholinga chake ndi kupeza ndalama sizikanaivuta kusankha pakati pa cheke cha mapaundi 43,000 lero ndi mlandu wa miyezi yambiri wosadziwika mathero ake.

Koma mawu akuti mwayiwo ndi wa aliyense ndi oona papepala pokha. Mwayi wolipira ngongole yonse nthawi imodzi, kulemba loya wodziwa kukambirana ndi makampani, ndi kuonetsetsa kuti dzina lako lisatuluke, ndi mwayi wa munthu amene ali ndi ndalama zosungira. Mayi wokonza m'maofesi amene wagwidwa ndi tikiti yoperewera sangathe kutulutsa ngakhale mapaundi mazana angapo pa masiku ochepa amene kalata yamupatsa, choncho nkhani yake imapita kukhoti, iye n'kutuluka ndi mbiri ya mlandu imene imamutsatira pofuna ntchito. Manuel Cortes, yemwe anali mlembi wamkulu wa bungwe la ogwira ntchito zamtengatenga la TSSA, anadandaula nthawi imeneyo kuti zikuoneka ngati pali lamulo la olemera ndi lina la osauka. Ine ndikuona kuti ananena zoona, chifukwa ndalama zinasandutsa chinyengo cha zaka zambiri kukhala ngongole wamba yongobweza, pamene kusowa ndalama kumasandutsa cholakwa cha tsiku limodzi kukhala mlandu.

Ndiye kuti Burrows anapulumuka osalandira chilango chilichonse?

Ayi, chilango chinabwera kuchokera kumene sankayembekezera. Nkhaniyo itatchuka, bungwe loyang'anira mabanki ndi makampani a zachuma la Financial Conduct Authority linayamba kufufuza, Burrows anasiya ntchito ku BlackRock, ndipo mu December 2014 bungwelo linamuletsa kugwiranso ntchito iliyonse imene limayang'anira. Linanena kuti iye anavomera kuti anazemba kulipira kangapo akudziwa kuti akuphwanya lamulo, ndiponso kuti sanauze abwana ake za nkhaniyi. Tracey McDermott, yemwe ankatsogolera nthambi yoona kuti malamulo akutsatidwa, anafotokoza kuti anthu ovomerezedwa kugwira ntchito zoterezi ayenera kukhala oona mtima nthawi zonse.

Ena anati chilangochi chinapyola muyeso, popeza tikiti ya sitima ilibe mgwirizano ndi ntchito ya muofesi. Sindikugwirizana nawo. Munthu amene wapatsidwa ndalama za penshoni za anthu ena kuti aziyendetse amagwira ntchito pamalo pamene eni ndalamawo sangathe kumuona, ndipo chokha chimene ali nacho ndi chikhulupiriro chakuti sadzatengerapo mwayi akaona kampata. Zimene anachita pa Stonegate zinasonyeza ndendende zimene amachita akaona kampata.

Kodi alipo ena a maudindo otere amene anafika kukhoti?

Alipo, ndipo wodziwika kwambiri ndi loya Peter Barnett, amene ankakwerera pa Haddenham and Thame Parkway kupita ku London Marylebone pa sitima za Chiltern Railways. Iye ankanamizira kuti wakwerera pa Wembley Stadium, siteshoni ya mumzinda momwemo, ndipo anachita zimenezi pakati pa 2012 ndi 2014. Mu 2015 anavomera milandu ya chinyengo, ndipo khoti linamupatsa chilango cha masabata 16 m'ndende chimene linachiimika, pamodzi ndi maola 200 ogwira ntchito zothandiza anthu popanda malipiro. Pambuyo pake anachotsedwa m'kaundula wa maloya.

Mlandu wakewu uli ndi mfundo yofunika pa kawerengedwe ka ngongole. Chiltern inkafuna mapaundi oposa 19,000 potengera mtengo wa matikiti a tsiku ndi tsiku, koma mbali ya Barnett inati chimene kampani inatayadi ndi mtengo wa matikiti a pasabata amene munthu woyenda tsiku lililonse akanagula, ndipo khoti linavomereza, n'kulamula kuti abweze mapaundi pafupifupi 6,000. Zikusonyeza kuti mwina Burrows analipira zochuluka kuposa zimene khoti likanalamula, ndipo ndalama zapamwambazo unali mtengo wogulira chinsinsi.

Kupatula khadi la Oyster, njira zina zimene anthu otere amagwiritsa ntchito ndi ziti?

Anthu amenewa sadumpha zipata, chifukwa kutero kungawachititse manyazi. Njira zawo zimafuna kuti nthawi zonse akhale ndi kanthu kosonyeza pachipata. Yotchuka ndi imene Angerezi amaitcha doughnutting, poyerekeza ndi donasi imene ili ndi chibowo pakati: munthu amagula tikiti yaifupi yolowera pa siteshoni yoyambira ndi ina yaifupi yotulukira kumapeto, koma mtunda wonse wapakati osaulipira. Ena amagula tikiti yoyambira pa siteshoni yapafupi ndi tauni pamene akwerera kutali, ena amagwiritsa ntchito khadi la mtengo wotsika la achinyamata kapena la kholo lokalamba, ena amakhala m'bogi la fesitikalasi ndi tikiti wamba, ndipo ena amapempha chipukutamisozi cha kuchedwa kwa sitima zimene sanakwere n'komwe. Zonsezi zimafuna kukonzekera ndi kubwereza tsiku ndi tsiku, ndipo n'chifukwa chake makhoti amazitenga ngati chinyengo.

Munthu wolandira ndalama zambiri angadziike bwanji pachiswe chifukwa cha mapaundi 14?

Umphawi sungakhale chifukwa, choncho tiyenera kuyang'ana kwina. Choyamba ndi chizolowezi. Tsiku loyamba mwina munthu anachedwa, makina ogulitsira matikiti anali ndi mzere, iye anakwera n'kuona kuti palibe chamuchitikira. Tsiku lachiwiri mtima sugundanso ngati dzulo, ndipo pofika mwezi wachitatu sakuganizanso kuti akuba. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Chachiwiri ndi kudzilungamitsa. Sitima zolowa mu London zimadula kwambiri, zimadzaza, ndipo zimachedwa kawirikawiri, kotero n'kosavuta munthu kudziuza kuti akungobweza chipongwe kwa kampani imene imamuzunza. Madandaulo amenewa ndi enieni, koma namwino amene waima m'bogi lomwelo amakumana ndi mavuto omwewo atalipira tikiti yonse. Chachitatu, chimene ndikuchiona kuti n'chachikulu, ndi kudziwa kuti maonekedwe amateteza. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akukhulupiriridwa chifukwa cha chovala, kayankhulidwe ndi adiresi yake amadziwa kuti akafunsidwa adzati waiwala ndipo adzamveka, komanso kuti zikavuta adzalipira.

Mu 2012 Paul Piff ndi anzake a pa yunivesite ya California ku Berkeley anafalitsa kafukufuku wonena kuti anthu apamwamba amaphwanya malamulo ang'onoang'ono mosavuta, mwachitsanzo kusaimira oyenda pansi akamayendetsa galimoto zodula. Akatswiri ena amene anabwereza mbali zina za kafukufukuyo sanapeze zofanana nthawi zonse, choncho si bwino kunena kuti olemera onse ndi achinyengo. Ambiri mwa okwera sitima zimenezi, olemera ndi osauka omwe, amalipira mokhulupirika.

Malamulo a ku England amati chiyani pa nkhaniyi?

Pali makwerero angapo. Pansi penipeni pali chindapusa cha pompopompo, chimene kuyambira mu January 2023 chili pa mapaundi 100 kuphatikizapo mtengo wa tikiti, ndipo chimatsika kufika pa mapaundi 50 munthu akalipira pasanathe masiku 21. Chindapusachi si mlandu wa kukhoti. Pamwamba pake pali malamulo ang'onoang'ono a njanji, amene amati kukwera wopanda tikiti yoyenera ndi mlandu ngakhale munthu sanachite dala, ndipo khoti likhoza kulamula mpaka mapaundi 1,000. Kenako pali lamulo lakale la Regulation of Railways Act la mu 1889, lokhudza woyenda ndi cholinga chozemba kulipira, limene chilango chake chikhoza kufika pa mapaundi 1,000 kapena miyezi itatu m'ndende. Pa chinyengo chokonzekera ndi chobwerezabwereza amagwiritsa ntchito Fraud Act ya mu 2006, imene chilango chake chachikulu ndi zaka 10.

Pali umboni wotani wakuti anthu wamba amachitiridwa mosiyana?

Umboni waukulu unatuluka mu August 2024. Kwa zaka zingapo makampani ena a sitima, kuphatikizapo Northern ndi Greater Anglia, ankazenga milandu kudzera mu njira yachidule yotchedwa Single Justice Procedure, imene majisitireti mmodzi amagamula poona mapepala okha, popanda bwalo lotseguka, nthawi zambiri woimbidwa mlanduyo asanayankhe n'komwe. Mkulu wa majisitireti Paul Goldspring anagamula kuti njirayi sinali yololedwa pa milandu ya lamulo la mu 1889, ndipo zinamveka kuti milandu yoposa 74,000 ikukhudzidwa. Anthu zikwizikwi anali atalipitsidwa chindapusa ndi kulembedwa mbiri ya mlandu m'njira imene lamulo silinkalola.

Miyezi iwiri pambuyo pake kunamveka nkhani ya mnyamata wina womaliza kumene maphunziro a uinjiniya, amene anaopsezedwa ndi mlandu chifukwa cha kusiyana kwa mapaundi 1.90, atagwiritsa ntchito khadi lake la achinyamata isanakwane 10 koloko m'mawa, pamene malamulo a khadilo amaika mtengo wochepetsetsa wa mapaundi 12. Northern inausiya mlanduwo anthu atadzudzula kwambiri. Nduna ya zamtengatenga ya nthawiyo, Louise Haigh, inalamula bungwe loyang'anira njanji ndi misewu la Office of Rail and Road kuti liunike nkhani yonse, ndipo lipoti lake la mu June 2025 linapeza kuti makampani amasiyana kwambiri pa kachitidwe kawo ndipo kuti anthu olakwitsa mosadziwa nthawi zina amalangidwa mopyola muyeso. Mukaika mapaundi 1.90 amenewa pambali pa mapaundi 42,550 amene anatha popanda khoti, funso la chilungamo limadzifunsa lokha.

Kodi amene amaluza ndi ndani, popeza makampaniwo ndi olemera kale?

Bungwe la makampani a sitima la Rail Delivery Group linkanena m'zaka zapitazo kuti kuzemba matikiti kunkawonongetsa mapaundi pafupifupi 240 miliyoni pachaka, ndipo Transport for London, imene imayendetsa zamtengatenga mumzinda wa London, payokha inati inataya pafupifupi mapaundi 130 miliyoni m'chaka cha 2022 mpaka 2023. Njanji za ku Britain zimayenda ndi ndalama za matikiti ndi za msonkho, ndipo chiyambire mliri wa Covid-19 boma ndilo limasenza phindu kapena kuluza kwa matikiti pa makampani ambiri a ku England, choncho dzenje limene wozemba wasiya limakwiriridwa ndi wokwera mnzake komanso wokhoma msonkho amene mwina sakwera n'komwe sitima.

Tisaiwale kuti makampaniwo nawonso si oyera. Mu October 2021 boma linalanda Southeastern yomweyo m'manja mwa kampani ya Govia litapeza kuti ndalama zoposa mapaundi 25 miliyoni zoyenera kubwezedwa kuboma sizinaululidwe, ndipo chaka chotsatira kampaniyo inalipitsidwa chindapusa cha mapaundi 23.5 miliyoni. Izi sizichepetsa kulakwa kwa wozemba tikiti, koma zimafotokoza chifukwa chake anthu ambiri sakhulupirira kuti kampani ikhale yofufuza, yozenga mlandu, komanso yolandira ndalama pa nkhani imodzimodzi.

Kodi chinyengo chonga cha Burrows chingathekebe masiku ano?

Masiteshoni opanda zipata adakalipo ambiri, chifukwa kuika zipata ndi wantchito woziyang'anira pa kasiteshoni ka kumudzi kumadya ndalama zoposa zimene kungapulumutse. Chimene chasintha ndi kuchuluka kwa mapazi amene wokwera amasiya. Matikiti ambiri tsopano amagulidwa pafoni ndi pa intaneti, amakhala ndi dzina ndi khadi la kubanki la wogula, ndipo chipata chilichonse chimalemba nthawi ndi malo. Transport for London ili ndi makina a kompyuta ofufuza maulendo okayikitsa, monga khadi limene limangotuluka osalowa, ndipo ofufuza akalizindikira amakamudikira mwiniwakeyo pachipata nthawi imene amadutsa. Munthu akagwidwa kamodzi lero, kampani imatha kuona mbiri ya matikiti ake a miyezi kapena zaka zam'mbuyo, ndiye mlandu suola.

Kodi Amalawi ndi anthu ena obwera amene akukhala ku Britain ayenera kusamala chiyani?

Ayenera kudziwa kuti kwa iwo nkhani ya tikiti ikhoza kukula kuposa mtengo wake. Mafomu a Home Office, unduna woona za anthu olowa m'dziko, opempha chilolezo chokhala m'dzikomo kapena unzika amafunsa za milandu imene munthu anapezeka nayo wolakwa, ndipo kubisa kumaonedwa ngati cholakwa china pachokha. Anamwino ndi azamba ali ndi udindo wodziwitsa bungwe lawo la Nursing and Midwifery Council akapezeka olakwa pa mlandu, ndipo mlandu wokhudza kusaona mtima umatengedwa mozama. Vuto ndi lakuti matikiti a ku Britain ndi osokoneza ngakhale kwa eni dziko: pali a nthawi ya piringupiringu ndi a nthawi yabata, a sitima imodzi yokha, a kampani imodzi yokha, ndi malire a kumene khadi logunditsa limagwira ntchito.

Munthu akakayikira, afunse wantchito asanadutse chipata, ndipo ngati makina ogulitsira matikiti awonongeka awajambule ndi foni, n'kukapeza kondakitala sitima ikangonyamuka m'malo modikira kuti amupeze. Akapatsidwa chindapusa chimene akuona kuti n'cholakwika ali ndi masiku 21 ochitira apilo ku bungwe loima palokha lolembedwa pa kapepalako. Akafunsidwa dzina ndi adiresi apereke zoona, chifukwa kupereka zabodza ndi mlandu wina pansi pa lamulo la mu 1889, ndipo akasamuka nyumba aonetsetse kuti makalata akumupeza, popeza milandu yambiri ya njira yachidule ija inagamulidwa eniake asanaone n'komwe kalata yowaitana.